Ndege yopanda injini si lichero: tiitchule bwanji glider ndi anzake pa Chichewa?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wina wa pulayimale ku Ntcheu. Akuti: "Mwana wa achimwene anga amene akuphunzira ku Germany wanditumizira kanema pa WhatsApp ali m'kandege kopyapyala ka mapiko aatali. Akuti ndi glider, ndipo kalibe injini. Nditawaonetsa mayi n'kuwauza kuti ndi ndege yopanda injini, anagwira pakamwa n'kunena kuti mwanayo walowa zoipa, chifukwa ndege yopanda injini imene iwo amaidziwa ndi lichero. Ana a m'kalasi langa nawo amandifunsa za tinthu touluka timene amationa pa foni, tina tangati ambulera, tina tangati njinga yamoto ya mapiko. Zonsezi tingazitchule bwanji pa Chichewa kuti munthu amve kusiyana kwake?"

Aphunzitsi, choyamba mukawauze mayi kuti mtima ukhale m'malo, mdzukulu wawo sanalowe zoipa. Koma musawaseke, chifukwa pa nkhaniyi iwo ndi amene amva Chichewa bwino. Munthu wokulira kumudzi akamva kuti chinthu chikuuluka ndi munthu mkati koma chilibe injini, maganizo ake athamangira kuti? Mawu oti "yopanda injini" amangotiuza chimene chinthucho chilibe, osatiuza chimene chikuchigwira m'malere, ndiye womvera amadzaza yekha mpata wotsalawo ndi zimene akuzidziwa. Bwato la thanga sitilitchula kuti sitima yopanda injini. Timatchula thanga, chifukwa thangalo ndi limene likuliyendetsa. Ndi mmenenso tiyenera kuchitira ndi tinthu toulukati: tizifunsa kaye kuti chikukagwira m'mwamba n'chiyani, chikukakankhira kutsogolo n'chiyani, ndipo dzina lituluke pamenepo.

Ngakhale mawu akuti ndege enieniwo ndi obwereka. Pa Chiswahili ndege ndi mbalame, ndipo makina ouluka atafika anawapatsa dzina lomwelo. Ife tinali kale ndi mawu athu oti mbalame, choncho ndege tinaisiya kuti ikhale ya makina okha. Lero ndani amawaona ngati mawu achilendo? Ndikunena izi kuti tisachite manyazi ndi kubwereka pamene kubwereka kukuthandiza.

Tsono glider imene mwana wanuyo anakwera, chinsinsi chake n'chakuti nthawi zonse imakhala ikutsika. Inu a ku Ntcheu mukuudziwa msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti. Wa kabaza akafika pamwamba pake amasiya kupalasa, koma njinga imapitabe, ikukokedwa ndi kulemera kwake komwe. Glider nayo imatsetsereka choncho, kungoti mtsetse wake ndi mpweya. Mphuno yake imaweramira pansi pang'ono, kulemera kumaikokera kutsogolo, mpweya umadutsa pa mapiko n'kumainyamula. Luso lonse la oipanga lagona pakuti mtsetsewo ukhale wogona kwambiri. N'chifukwa chake mapiko ake ndi aatali ndi opyapyala ngati mpeni, mamita 15 kapena 18 kuchoka kunsonga kufika kunsonga, utali wa maminibasi atatu ondondozana, ndipo thupi lake ndi losalala ngati dzira, ndi gudumu limodzi lokha pamimba. Glider yabwino ya masiku ano ikatsika mita imodzi imakhala itapita kutsogolo mamita 40 kapena kuposerapo. Ndiye kuti ikakhala mamita 1,500 kuchokera pansi, kunja kuli bata, ikhoza kuyenda makilomita 60 isanagunde nthaka, mtunda wonga wochoka ku Blantyre kukafika ku Zomba. Kandege ka injini ka mtundu wa Cessna 172, injini itazima, kamapita mamita 9 okha pa mita iliyonse imene katsika.

Nanga ngati imangotsika, zimatheka bwanji kuti munthu akhale m'mwamba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka? Apa ndi pamene mayi angamve msanga kuposa ana anu a m'kalasi, chifukwa akhala akuziona moyo wawo wonse. Mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, yang'anani mphamba kapena miimba. Sizikupiza mapiko. Zangowatambasula, zikuzungulira pamalo amodzi, koma zikukwererakwerera mpaka kuoneka ngati timadontho. Chikuchitika n'chakuti dzuwa likaomba pa munda wolima, pa thanthwe kapena pa madenga a malata, mpweya wa pamenepo umatentha, umapepuka, n'kuyamba kukwera ngati utsi wosaoneka. Kamvuluvulu wonyamula mapesi ndi fumbi uja ndi phazi la mpweya wotero, ndipo kamtambo koyera ngati thonje kamene kamabadwa pamwamba pake ndi chipewa chake. Mbalame ikalowa mu mpweya wokwerawu imatsikabe, koma mpweyawo ukukwera mothamanga kuposa mmene iyo ikutsikira. Zili ngati nyerere imene ikutsika pa ndodo pamene munthu akuikweza ndodoyo. Glider ikamauluka modekha imatsika osafika mita imodzi pa sekondi, pamene mpweya wotentha umatha kukwera mamita atatu kapena anayi pa sekondi. Woulutsa amazungulira mmenemo mpaka kufika pansi pa mtambo, kenako amatsetserekera ku mtambo wina, n'kukweranso. Ulendo wonse umakhala wotero, kukwera mozungulira, kutsetsereka molunjika.

Pali njira zina ziwiri. Mphepo ikaomba phiri imakwera nalo, ndipo glider imatha kuyenda chauko ndi chauko m'mbali mwa phirilo malinga ngati mphepoyo sinaleke, monga amachitira akhwangwala pa mapiri athu a miyala. Ina ndi yodabwitsa: mphepo yamphamvu ikadumpha mapiri aatali imapanga mafunde kuseri kwake, ngati madzi a mumtsinje akadumpha mwala, ndipo mafunde amenewa amafika kutali m'mwamba. Ndi mafunde otere a mapiri a Andes ku Argentina amene anathandiza Klaus Ohlmann wa ku Germany kuuluka makilomita oposa 3,000 tsiku limodzi mu 2003. Komweko, mu Seputembala 2018, glider yotchedwa Perlan 2 inakwera mamita oposa 22,000, kuwirikiza kawiri pamene zimadutsa ndege zonyamula anthu.

Chimene glider singathe payokha ndi kunyamuka pansi. Imafunika kuikoka. Njira imodzi ndi yakuti kandege ka injini kamaikoka ndi chingwe cha mamita pafupifupi 60, ngati galimoto yokoka inzake yofa, ndipo zikafika m'mwamba woulutsa glider amamasula chingwecho. Njira ina, imene ndi yofala kwambiri ku Germany chifukwa ndi yotsika mtengo, ndi ya makina okulunga chingwe amene amaima kumapeto kwa bwalo. Imeneyi ndinailawapo ndili pa mpando wa kutsogolo, mlangizi ali kumbuyo kwanga, ndipo sindidzaiwala. Mwakhala chogona ngati muli m'bafa, atseka chigalasi pamutu panu, mnyamata wina wagwira nsonga ya phiko kuti lisagunde pansi poti gudumu ndi limodzi. Chingwe chikuyenda mu udzu ngati njoka, kenako chakungika. Mwadzidzidzi msana wamatirira ku mpando, mnyamata uja wathamanga mapazi atatu anayi n'kusiya, ndipo musanameze malovu mapazi anu aloza kumwamba ngati kaiti ya mwana. Mphindi imodzi isanathe muli mamita 400 m'mwamba. Kumveka "gu!" chingwe chamasuka, mphuno yatsika, ndiye kuli zii. Chimene chimangomveka ndi mphepo ikusisita galasi, ndi kachipangizo kena kamene kamalira mosangalala, pi-pi-pi, mukalowa mu mpweya wokwera, n'kumabuula mukalowa mu wotsika. Pa galasi kutsogolo kwanu amamatapo kaulusi kaubweya. Kakaloza molunjika kwa inu ndiye kuti mukuuluka bwino, kakapendekera kumbali ndiye kuti ndege ikuyenda chankhanu. Makina a ndalama zambirimbiri, koma mlangizi amangokalipira za kaulusi.

Anzathu a zilankhulo zina anatchula ndege imeneyi poyang'ana zimene imachita. Pa Chijeremani ndi Segelflugzeug, kutanthauza ndege yoyenda ngati bwato la thanga. Pa Chifalansa ndi planeur, pa Chipwitikizi cha anansi athu a ku Mozambique ndi planador, ndipo onsewa akuchokera ku mneni wonena za mbalame imene yatambasula mapiko osakupiza. Pa Chiafrikaans amati sweeftuig, chombo choyandama m'malere. Chingelezi chili ndi mawu awiri. Glider amachokera ku kutsetsereka, ndipo amakwana chilichonse cha mapiko chimene chimatsika popanda injini. Sailplane ndi glider ya mapiko aatali imene anaipangira kukwera ndi mpweya n'kukhala m'mwamba nthawi yaitali. Pa mayina onsewa palibe limene likunena za injini.

Ine ndimati "ndege youluka ndi mphepo". Akatswiri ena angandigwire pakamwa kuti chimene chimainyamula ndi mpweya wokwera, osati mphepo yoomba chammbali, ndipo akunena zoona. Koma pa Chichewa cha tsiku ndi tsiku mphepo ndi mpweya umene ukuyenda, kaya ukupita kuti, ndipo gogo akamva "youluka ndi mphepo" amaona kaiti, amaona mphamba, saona lichero. "Ndege yotsetsereka" ndi yolondola kwambiri mwa sayansi, ndipo m'kalasi ndi yabwino pofotokoza, koma pa wailesi imamveka ngati ndege imene yaterereka pa bwalo lonyowa. "Ndege yoyandama" ndimaikana, chifukwa kuyandama kwathu n'kwa pamadzi, ndipo ndege zoyandama pamadzi zilipo. Tinali nazo ngakhale kuno: mu 1949 ndi 1950 ndege zikuluzikulu za kampani ya BOAC, za mimba yonga bwato, zinkatera pa nyanja ku Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Zimenezo ndi "ndege zotera pamadzi", ndipo dzinalo ndi lokwana kale.

Polemba, ndimatchula kamodzi kuti "glider, ndege youluka ndi mphepo", kenako ndimangopitiriza ndi glider. Mawuwa amalowa bwino m'gulu la ndege ndi njinga: glider yanga, glider ija yatera. Zikachuluka pakamwa pamafuna kunena kuti maglider, monga timanenera mahelikopita, ndipo palibe cholakwa. Kalembedwe ndakasiya ka Chingelezi dala. Tsiku limene anthu ambiri adzayambe kuitchula, malilime awo adzaipinda okha. Paja woyendetsa galimoto anasanduka dalaivala popanda komiti iliyonse kukhala pansi.

Si mwangozi kuti mwana wanuyo wakumana nazo ku Germany. Otto Lilienthal, munthu woyamba kuuluka mobwerezabwereza ndi mapiko opanga, anali wa kumeneko. Anaphunzira poyang'anitsitsa adokowe, ndipo kuyambira 1891 anauluka maulendo pafupifupi 2,000 podumpha pa zitunda, mpaka pamene anagwa n'kumwalira mu Ogasiti 1896. Wilbur ndi Orville Wright a ku America nawo anayamba ndi maglider kuyambira 1900 mpaka 1902, ndipo injini anaiika ataphunzira kale kuwongolera. Ulendo wawo woyamba wa injini, pa 17 Disembala 1903, unatenga masekondi 12 okha. Ndiye kunena zoona glider ndi mkulu wake wa ndege ya injini, si ndege yolumala imene yachotsedwa kanthu. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, pangano la ku Versailles la 1919 linaimanga manja Germany pa nkhani ya ndege za injini. Achinyamata okonda kuuluka anakwera phiri la Wasserkuppe n'kuyamba mipikisano ya maglider mu 1920, ndipo masewerawa anamera mizu. Mpaka lero maglider ambiri a padziko amapangidwa ku Germany. Kampani ya Alexander Schleicher, imene imapanga ASK 21 ya mipando iwiri yophunzitsira, ili m'munsi mwa phiri lomwelo. Kuno kum'mwera kwa Africa nako si zachilendo: ku Potchefstroom ku South Africa kuli fakitale ya Jonker, mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Mafikeng mu 2001, ndipo chaka chilichonse nyengo yotentha Azungu amatumiza maglider awo pa sitima kupita ku Bitterwasser ku Namibia, kutsatira mpweya wotentha wa m'chipululu umene kwawo saupeza.

Mneni woti kutsetsereka musautaye, chifukwa mudzaufuna. Ndege iliyonse ya mapiko imatha kutsetsereka m'malere injini zikazima, siigwa ngati mwala monga ambiri amaganizira. Pa 23 Julayi 1983 Boeing 767 ya ku Canada inathera mafuta m'mwamba chifukwa powerengera mafutawo anasokoneza mapaundi ndi makilogalamu. Woulutsa wake, Bob Pearson, anali wozolowera maglider, ndipo anaitsetseretsa mpaka kukatera pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli, anthu onse 69 n'kutuluka amoyo. Chesley Sullenberger, amene anateretsa ndege pa mtsinje wa Hudson ku New York mu Januwale 2009 atsekwe atalowa mu injini zonse ziwiri, nayenso anali ataphunzira maglider. Nkhani zotere pa Chichewa zimanenedwa bwino kuti "anaitsetseretsa mpaka pansi".

Tibwere ku ambulera ya ana anu. Anawo ali ndi diso, chifukwa Ajeremani nawo amaitchula Gleitschirm, ambulera yotsetsereka, pamene parachuti amati Fallschirm, ambulera yogwera. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene anawo ayenera kugwira. Parachuti ndi ya munthu amene wadumpha mu ndege ndipo akufuna kufika pansi osathyoka. Paraglider ndi ya munthu amene ali pansi ndipo akufuna kupita m'mwamba. Ndi nsalu ziwiri zosanjikizana, zosokedwa timatumba totsegula kutsogolo. Munthu amaiyala pa mtsetse wa phiri, amaikoka ndi zingwe, mphepo imalowa m'timatumbato n'kuifufumitsa kukhala phiko lenileni, iye n'kuthamanga pang'ono mpaka mapazi atasiya nthaka. Amakhala pa kampando ka nsalu, zingwe ziwiri zowongolera zili m'manja, kukoka ya kumanja apita kumanja. Yonse imapindika n'kulowa m'chikwama chobereka kumsana. Masewerawa anayambira ku Mieussy m'mapiri a ku France mu 1978, ndipo dzina lake la Chifalansa, parapente, limaphatikiza parachuti ndi mtsetse. Kwathu kuno dzina limene limamveka pa nkhaniyi ndi la Godfrey Masauli, amene amadziwika kuti ndi Mmalawi woyamba kuuluka ndi paraglider, ataphunzitsidwa ndi Benjamin Jordan wa ku Canada. Ine ndimaitchula "phiko la nsalu". Mukafuna kuti anthu amve msanga, "parachuti youlukira paphiri" imagwira ntchito, bola mawu oti youlukirawo asasowe. Munthu akabereka kainjini ka pulopela kumsana kuti anyamukire pa dambo popanda phiri, ndiye paramotor, phiko la nsalu la injini yobereka.

Hang glider ndi yosiyana ngakhale kuti anthu amaziphatikiza. Iyi ili ndi mafupa: mapaipi a aluminiyamu amene akunga nsalu kukhala phiko la makona atatu ngati mutu wa muvi. Munthu amalendewera pansi pake chafufumimba, atagwira chitsulo, ndipo amawongolera posuntha thupi lake lomwe. Akadzikokera kutsogolo liwiro likuwonjezeka, akadzikankhira kumanzere phiko likhotera kumanzere. Maganizo a phiko lotere anachokera kwa Francis Rogallo ndi mkazi wake Gertrude ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo John Dickenson wa ku Australia ndi amene analikonza mu 1963 kukhala mmene tikulidziwira. Apa Chichewa chili ndi mwayi, chifukwa mneni ulipo kale wokwana ndendende: "phiko lolendewera". Mwana akamva zimenezo amamuona munthuyo ali lendee ngati mleme.

Njinga yamoto ya mapiko ija ndi microlight, ndipo dzina limene anawo apereka ndi labwino kuposa limene ndikanapeka ine. Ndi phiko lomwe lija la makona atatu, koma pansi pake apachikapo kangolo ka magudumu atatu, mipando iwiri yondondozana, ndi injini ya pulopela kumbuyo. Amene anafikako ku Livingstone ku Zambia anationa tikuzungulira pamwamba pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, mlendo ali pambuyo pa woulutsa ngati pa kabaza, miyendo ili pamphepo. Chenjezo lokha n'lakuti mawu akuti microlight, kapena ultralight monga amanenera ku America, kwenikweni ndi a malamulo, amanena za kulemera osati maonekedwe. Ku America ultralight ya injini ndi ya munthu mmodzi ndipo isapitirire makilogalamu 115 ilibe kanthu. Ku Ulaya malire a ya anthu awiri anakhala nthawi yaitali pa makilogalamu 450 itanyamula zonse, ndipo mayiko angapo anawakweza kufika 600. Choncho pali ma microlight ena otsekedwa bwinobwino, a zitseko ndi mchira, amene mukawaona mungoti ndi kandege wamba. Dzina lokwana onse ndi "kandege kopepuka". La njinga yamoto lisungireni kotsegula kaja.

Pali kena kotchedwa gyrocopter kamene kamapusitsa ngakhale atolankhani. Kali ndi chikupizo chachikulu pamwamba ngati helikopita, koma si helikopita. Pa helikopita injini ndi imene imazungulitsa chikupizocho, n'chifukwa chake imatha kunyamuka chiimire, kuima malo amodzi m'malere ngati tombolombo, ngakhale kubwerera chambuyo. Pa gyrocopter injini imazungulitsa pulopela yokankhira kutsogolo, ndipo chikupizo cha pamwamba chimazungulira chokha ndi mphepo. Ana anu akuidziwa sayansi imeneyi: tsamba la mango lija amaling'amba mbali ziwiri, kulibaya pa kamtengo n'kumathamanga nalo, limazungulira chifukwa iwo akuthamanga. Akaima nalonso limaima. N'chifukwa chake gyrocopter imafuna kabwalo kothamangirapo ndipo siingaime malo amodzi kunja kuli bata. Anaitulukira ndi Juan de la Cierva wa ku Spain, ndipo inauluka koyamba mu 1923, helikopita yodalirika isanabadwe. Pa Chichewa ndilibe dzina lalifupi limene limandikhutiritsa, ndimangoti "kandege ka chikupizo chozungulira ndi mphepo". N'lalitali, koma silinama, pamene "kahelikopita" n'kunama.

Chibaluni cha mpweya wotentha sichivuta, dzina lake ndi lomwelo. Chimenecho ndiye chimayandamadi, chilibe phiko, chimapita kumene mphepo yafuna, ndipo ndicho chinayamba kunyamula anthu, ku Paris mu Novembala 1783.

Drone ndi imene yatifika pafupi kuposa zonsezi. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera ndegezi ku Kasungu, mu 2020 sukulu yophunzitsa achinyamata kuzipanga ndi kuziulutsa inatsegulidwa ku Lilongwe, ndipo masiku ano ngakhale pa ukwati wojambula amabwera nako kakulira ngati njuchi pamwamba pa akwati. Ndimamva ena akuti "ndege yopanda woyendetsa". Apanso tagwa m'mbuna yomwe ija yotchula chinthu ndi chimene chilibe, ndipo ulendo uno si zoona n'komwe. Woyendetsa alipo, kungoti waima pansi ndi kabokosi m'manja, kapena walemberatu njira yake pa kompyuta. "Ndege yosakwera munthu" ndi yolondola, "ndege yoyendetsera pansi" ndi yabwino koposa. Komabe ndikuona kuti mawu akuti drone apambana kale m'kamwa mwa achinyamata, ndipo sindikulimbana nawo.

Otsala ndi tindege wamba ta injini imodzi kapena ziwiri, tonga timene timanyamula alendo kuchoka ku Lilongwe kupita ku Likoma kapena kumalo osungira nyama. Timeneti sitifuna mayina atsopano. Chichewa chimatchula ndi ntchito kapena chiwalo: ndege ya pulopela, ndege ya jeti, ndege yopopera mankhwala m'minda, ndege ya injini imodzi, ndege ya mapiko osanjikizana. Cessna, Piper ndi Beechcraft ndi mayina a makampani, ngati Toyota ndi Nissan, ndipo si kandege kalikonse kamene kali Cessna, ngakhale kuti Cessna 172 ndi imene yapangidwa yambiri kuposa ndege ina iliyonse, zoposa 44,000.

Musamale ndi ka. Chilankhulo chathu chili ndi chuma chimene Chingelezi chilibe: ndege, kandege, tindege, chindege, zonse popanda kuwonjezera mawu. Koma ka samangochepetsa, amathanso kunyoza. Kandege ndi kabwino m'kalasi ndi pocheza, monga ndachitira ine pano. Polengeza za ngozi imene anthu atisiya, kapena polemba kalata ya ku ofesi, nenani "ndege yaing'ono". Wofedwa akamva kuti m'bale wake anafera mu kandege amamva ngati mukupeputsa maliro. Chimodzimodzi woulutsa. Ambiri amati woyendetsa ndege, ndipo si kulakwa, koma pa glider ndi phiko la nsalu "woulutsa" kapena "wouluka" ndi amene amakhala bwino, poti palibe chiwongolero cha galimoto chimene akupotokola.

Kwa mayi, musayambe ndi mayina onsewa. Mumuuze mnyamatayo atumize kanema wina, wojambulidwa ali pansi, woonetsa chingwe chikukungika ndi anthu akuthamanga atagwira phiko, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ena ataima poteropo akuonerera. Kenako tsiku lotentha, nkhuku zikayamba kuchenjeza anapiye, muwatulutse pabwalo muwalozere mphamba imene ikuzungulira pamwamba pa mudzi osakupiza, muwafunse kuti injini yake ili pati.